Ana Otsala m'Masukulu a Highland Park: Kodi Mlandu Wao Ngwa Yani?

M'dziko la United States of America, m'chigawo cha Michigan, muli kamzinda kotchedwa Highland Park, kamene mzinda waukuru wa Detroit unakazinga pafupi-fupi mbali zonse. Nkakang'ono ndithu, kotero kuti munthu woyenda pansi angathe kukadutsa ola lisanathe. Koma kale kanali kotchuka pa dziko lonse lapansi, pakuti ndi kumeneko kumene Henry Ford anatsegula fakitale yache ya magalimoto mu 1910, ndipo mu 1913 anayambitsa njira ija yakuti galimoto yomangidwa iziyenda yokha pa lamba, mmisiri ali yense ataima pa malo pache nkumaikapo chitsulo chache chimodzi. Mu 1914 Ford analengeza malipiro a madola 5 pa tsiku, anthu nakhamukira kumeneko kuchokera kutali, ndipo pa kalembera wa 1930 m'kamzindamo munapezeka anthu oposa 52,000. Masukulu ache anali a mbiri yabwino, ndipo anali ndi koleji yao-yao.

Zonsezi zinatha pang'ono-pang'ono, monga umaphwera mtsinje m'chilimwe. Ford anasamutsira nchito yache yambiri kwina. Kampani ya Chrysler, imene likuru lache linali momwemo, inachoka m'zaka za m'ma 1990 kupita ku Auburn Hills. Azungu ndi ena onse amene anali ndi kangachepe anasamuka, ndipo pa kalembera wa 2010 anthu anatsala 11,776 okha. Mwa anthu 10 ali onse, oposa 9 anali akuda, ndipo ambiri anali amphawi. Mu 2011 kampani ya magetsi inazula nyali za m'miseu zoposa 1,000 chifukwa mzindawo unalephera kulipira ngongole. Tsono mu 2012 masukulu onse a Boma a m'kamzindaka anaperekedwa m'manja mwa kampani, ndipo pamenepa ndi pamene pabadwira funso loyenera kuti munthu ali yense wokonda chilungamo aliganizire mofatsa: ngati ndarama za sukulu zitsata mwana kuli konse kumene apita, ndipo ana amene angathe kupita apitadi, nanga ana otsala aja, mlandu wao ugwera yani?

Poyamba nkoyenera kufotokoza mtundu wa masukulu amenewa. Anthu a ku Amereka amawatcha charter schools, ndiye kuti masukulu a pangano. Ndarama zache zimachokera ku Boma ndipo ana salipira kanthu, koma oyendetsa sukulu si akuru a Boma ai. Ndi gulu la anthu kapena kampani imene yalemberana pangano ndi Boma kwa zaka zowerengeka. Panganolo limati: muli ndi ufulu wophunzitsa monga muona, koma ana akapanda kupindula, sukulu mudzalandidwa. Awerengi amene adziwa masukulu a mishoni olandira thandizo la Boma angaone kufanana pang'ono, kungoti sukulu ya pangano imawerengedwa kuti nja Boma ndithu, ndipo siphunzitsa za chipembedzo. Mmodzi wa anthu oyamba kufalitsa maganizo amenewa anali Albert Shanker, mtsogoleri wa chigwirizano cha aphunzitsi, mu 1988. Iye anaganiza za timasukulu tating'ono toyendetsedwa ndi aphunzitsi eni ache, toyesa njira zatsopano zothandizira ana amene njira zakale zinawalephera. Chigawo cha Minnesota chinapanga lamulo loyamba mu 1991, ndipo sukulu yoyamba, City Academy ya ku St. Paul, inatsegulidwa mu 1992. Palibe amene anaganiza masiku amenewo kuti mzinda wathunthu udzakhala wopanda sukulu ina iri yonse koma ya pangano yokha.

Ku Michigan lamulo la masukulu a pangano linadza mu 1993, John Engler ali Bwanamkubwa, ndipo mu March 1994 anthu anabvomereza pa chisankho njira yatsopano yopezera ndarama za maphunziro. Kale dera liri lonse linkasonkha lokha msonkho wa pa malo ndi nyumba, kotero kuti dera la nyumba zodula linali ndi masukulu olemera, dera la amphawi masukulu osauka. Njira yatsopanoyo inakweza msonkho wa pa malonda kuchoka pa 4 kufika pa 6 pa 100, ndipo Boma linayamba kugawa ndarama powerenga mitu ya ana. Cholinga chinali chabwino, ndipo mpata wa pakati pa madera olemera ndi osauka unachepadi. Mu 1996 anaonjeza lamulo lolola mwana kukaphunzira m'dera lina loyandikana nalo ngati kumeneko amlandira. Kuyambira pamenepo mwana ali yense anakhala ngati wasenza thumba la ndarama pa msana: cha m'ma 2012 thumbalo linali madola 7,000 pa chaka kapena kuposerapo pang'ono, ndipo sukulu imene mwanayo alowa ndiyo ilandira. Ana amawerengedwa masiku awiri pa chaka, lina mu October lina mu February, ndipo tsiku la October ndilo lolemera kopambana. Nchifukwa chache masukulu ena a ku Detroit anafika pokonza zakudya ndi mphatso pa tsiku lowerengalo kuti mwana asajombe.

Tsono apa pafunika kuwerengera pang'ono, pakuti bvuto lonse lagona m'masamu osabvuta. Kalasi ikhale ndi ana 30, ndipo ana 5 achoke. Sukulu yataya madola 35,000. Koma ana 25 otsalawo afunabe mphunzitsi wathunthu, pakuti mphunzitsi sadulidwa pakati. Denga lodontha lidontha chimodzi-modzi. Ndipo m'nyengo ya chisanu, imene ku Michigan imaumitsa madzi kukhala mwala, nyumba yomangidwira ana chikwi iyenera kufunditsidwa yonse ngakhale mutatsala ana mazana atatu. Ndarama zichepa msanga kuposa zofunika kulipira. Akuru a sukulu achotsa mphunzitsi wa nyimbo, atseka nyumba ya mabuku, aphatikiza makalasi. Makolo ena poona zimenezi achotsanso ana ao, ndipo chaka chamawa thumba licheperanso. Ku Highland Park ana a m'masukulu a Boma anali oposa 3,000 mu 2006; pofika kuchiyambi kwa 2012 sanakwane ndi 1,000 omwe, ndipo ngongole inapitirira madola 11 miliyoni. Kunena zoona, si masamu okha amene anagwetsa masukuluwo. Kayendetsedwe ka ndarama kanali kosalongosoka, ndipo mu 2014 mmodzi wa a bungwe la sukulu anabvomera pa bwalo la milandu kuti anadya ndarama za ana. Amene afuna kunena kuti eni mzinda analibe cholakwa sanena zoona.

Lamulo la 2011 linapatsa Bwanamkubwa mphamvu yoika kapitao wache pa mzinda kapena pa masukulu amene amira m'ngongole, kapitao wokhala ndi mphamvu zoposa za bungwe losankhidwa ndi anthu. Bwanamkubwa Rick Snyder anatero ku Highland Park mu January 2012, ndipo m'kati mwa chaka chomwecho kapitao Joyce Parker anapereka masukulu onse kwa kampani yotchedwa Leona Group. Nzeru yache inali yotere: dera la sukulu lakale likhalepobe m'dzina lokha, lopanda mwana ngakhale mmodzi, nchito yache ikhale kutolera msonkho wa m'deramo ndi kubweza ngongole, ana onse alowe m'dera latsopano la pangano, lolandira ndarama za Boma zathunthu popanda ngongole. M'menemu munali chifundo china chosayenera kuchibisa, pakuti ana sanasenzetsedwenso ngongole ya akuru ao. Koma munalinso chinthu china chachilendo. Sukulu ya pangano inabadwa kuti makolo akhale ndi posankha. Tsono pano inakhala sukulu yokhayo ya m'mudzi, ndipo makolo sanafunsidwe.

Nanga ana ankaphunzira bwanji? Mu July 2012 bungwe loteteza ufulu wa anthu lotchedwa American Civil Liberties Union linasumira Boma la Michigan ndi akuru a masukuluwo m'malo mwa ana 8 a ku Highland Park. Linaonetsa kuti pa mayeso a Boma, mwa ana 100 ali onse a kalasi yachinai 65 sanafike pa muyeso wa kuwerenga, ndipo a kalasi yachisanu ndi chiwiri anali 75. Linakumbutsanso lamulo la Michigan lomwe, lakuti mwana wolephera mayeso a kuwerenga m'makalasi awiri amenewo apatsidwe thandizo lapadera lomfikitsa pa muyeso m'miyezi 12. Ziwerengero zimenezi nza nthawi imene kampani inali isanayambe nchito, chotero sizingakhale mlandu wa kampaniyo. Koma mu November 2014 bwalo la apilo la Michigan linagamula, oweruza awiri kutsutsana ndi mmodzi, kuti anawo alibe mlandu woti ungazengedwe. Linati malamulo akuru a chigawocho alamula Boma kukhazika ndi kusunga masukulu aulere, koma sanena kuti maphunziro ache akhale a muyeso wakuti-wakuti. Chigamulochi chinatsata njira yakale, pakuti mu 1973 Bwalo Lalikuru la dziko lonse linali litanena kale, pa mlandu wa ku San Antonio m'chigawo cha Texas, kuti maphunziro sali pakati pa maufulu oyamba otetezedwa ndi malamulo akuru a United States.

Munthu wofulumira kuweruza angaloze chala makolo amene anachotsa ana ao, nati ndiwo anagwetsa sukulu. Kutero nkulakwa. Mai amene aona mwana wache wa zaka 12 akulephera kuwerenga kalata, ndipo apeza malo pa sukulu yabwinopo, sachimwa pomsamutsa. Achita udindo wache. Mwana ali ndi ubwana umodzi wokha, ndipo palibe angauze kholo kuti lipereke zaka za mwana wache ngati nsembe yochirikiza khoma lakugwa. Eklezia waphunzitsa kuyambira kale kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba: Papa Pius XI anatero m'kalata yache ya za maphunziro ya 1929, ndipo Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unabwereza mu 1965 kuti makolo akhale ndi ufulu weni-weni posankha sukulu, ndi kuti thandizo la Boma ligawidwe mwa njira yosapondereza ufuluwo. Pa mfundo imeneyi okonda masukulu a pangano aima pa thanthwe.

Komatu chiphunzitso chomwecho cha 1965 chinanenanso kuti Boma liyenera kuona kuti nzika zonse zafika pa maphunziro oyenera, ndipo mau akuti zonse ndiwo amene aiwalika. Ufulu wosankha sugwera onse mofanana. Kuti mwana apite ku sukulu ya kutali pafunika galimoto kapena munthu womperekeza, pakuti lamulo silikakamiza sukulu yomlandirayo kumtumizira basi. Pafunika kholo lodziwa kuwerenga mapepala, lokhala ndi nthawi yoyendera masukulu, losasamuka nyumba kawiri-kawiri chifukwa cha lendi. Mwana woleredwa ndi agogo odwala, mwana wolumala amene maphunziro ache amadya ndarama zambiri, mwana amene mai wache agwira nchito usiku, ameneyo ndiye atsala. Chotero sefa imasefa yokha popanda munthu woipa mtima: opita ndi amene ali ndi mphamvu pang'ono, otsala ndi amene afuna thandizo lochuruka, ndipo atsala pamodzi ndi ndarama zochepa. Ufulu wa oyambawo ngwoona, koma mtengo wache alipira ndi achiwiriwo, amene sanafunsidwe ngati alola.

Apa ndi pamene ziwerengero za mayeso zimasocheretsa anthu. Munthu wokhala kutali akaona kuti ana 75 mwa 100 alephera, amati aphunzitsi ngaulesi. Koma mayeso amayesa zambiri zimene sizichitikira m'kalasi. Mu 1966 James Coleman, atafufuza ana mazana a zikwi m'dziko lonse la United States, anapeza kuti makhalidwe a pa nyumba ndi a ana anzao amasiyanitsa zotsatira za mayeso koposa nyumba za sukulu ndi zipangizo. Sukulu imene ana ache akhoza chifukwa anabadwira m'nyumba za mabuku iyamikidwa pa nchito imene sinagwire, ndipo mphunzitsi amene anatenga mwana wosadziwa chilembo namfikitsa powerenga ndime, alembedwa wolephera chifukwa mwanayo sanafikebe pa muyeso wa kalasi yache. Muyeso wachilungamo ndi wakufunsa kuti mwana anali pati ndipo wafika pati. Poyesa chotero, ofufuza a pa yunivesite ya Stanford anapeza mu 2013 kuti ana a masukulu a pangano ku Michigan, makamaka ku Detroit, ankapita patsogolo pa chaka koposa anzao ofanana nao a masukulu ena a Boma. Zimenezi ziyenera kunenedwa poyera. Koma mau a Coleman asakhale pobisalira: kunena kuti umphawi ndiwo ulepheretsa ana sikumasula munthu ali yense, koma kuonetsa kuti ana otere afunika zambiri kuposa ena, pamene kuwerenga mitu kumawayesa onse ofanana. Boma limaonjezapo ndithu kangachepe ka ana osauka, koma kangachepeko sikanathe kuletsa kugwa kwa masukulu a ku Highland Park.

Nanga kampani? Chitsanzo chiri ku Muskegon Heights, kamzinda kena ka anthu pafupi-fupi 11,000 masiku amenewo, ambiri akuda, kumadzulo kwa Michigan kufupi ndi nyanja. Kumenekonso mu 2012 kapitao Donald Weatherspoon anachotsa anchito onse a masukulu napereka masukuluwo kwa kampani ya Mosaica Education pa pangano la zaka 5. Aphunzitsi ambiri atsopano anasiya nchito m'miyezi yoyamba, ana nkumaona nkhope zachilendo pakati pa chaka. Mu 2014 ndarama za malipiro zinasowa, Boma linachita kubwereketsa zina mwamsanga, ndipo panganolo linathetsedwa patapita zaka ziwiri zokha. Sikuti eni kampani anali anthu oipa kuposa ena. Kampani imakhalira phindu, ndipo malonda akapanda phindu imachoka. Umo ndimo ikhalira. Wogulitsa nsaru akatseka sitolo, ogula apita kwina tsiku lomwelo osataya kanthu. Mwana wa kalasi yachitatu sangatero, pakuti chaka chimene anayenera kuphunzira kuwerenga sichibwerera. Cholakwa chiri pa kuganiza kuti udindo wosatha ungaikidwe pa pangano lokhala ndi tsiku lothera.

Tsono taonani mmene udindo unasungunukira. Makolo ochoka ali ndi ufulu wao. Kampani iri ndi pangano lache, ndipo ikachita zolembedwa, kapena panganolo likatha, yamasuka. Bungwe losankhidwa ndi anthu linalandidwa mphamvu. Kapitao ayankha kwa Bwanamkubwa, osati kwa eni mudzi, ndipo nchito yache yoyamba inali ngongole. Bwalo la milandu linati Boma lakwaniritsa lamulo pokhala ndi sukulu yotsegula chitseko. Ali yense ali ndi yankho lomveka, koma mwana uja sadziwabe kuwerenga. Akuru akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma pano mwana anakhala wa onse m'mau, wopanda mwini m'zochita.

Mlanduwu ugwera Boma la chigawo, ndipo chifukwa chache nchoonekeratu. Ndilo linalemba lamulo lowerenga mitu, ndilo linatsegula zipata za madera, ndilo linachotsa malire a chiwerengero cha masukulu a pangano ololedwa ndi mayunivesite mu 2011, ndilo linaika kapitao, ndiponso ndilo limakakamiza makolo kutumiza ana ku sukulu. Amene akakamiza mwana kukhala m'kalasi zaka zonsezo sangathe kunena kuti zochitika m'kalasimo sizimkhudza. Papa Pius XI analemba mu 1931 kuti ulamuliro waukuru usalande nchito imene gulu laling'ono lingathe kuichita lokha, koma ulithandize. Ku Highland Park zinayenda chobwerera: pamene kamzindako kankafooka ndi kufuna thandizo, kanasiyidwa kapikisane ndi anzache olemera, katagwa, kanalandidwa mau. Ndipo pamene anthu a Michigan anakana lamulo la makapitao pa chisankho cha November 2012, aphungu anapanga lina lofanana nalo mwezi wotsatira womwewo. Wolanda chiwongolero asenzanso mlandu wa kumene galimoto ipita.

Ena adzati: kodi si bwino kuti kadera kochepa chotere kangotsekedwa, ana agawidwe m'madera oyandikana nako? Boma linatero mu 2013 ndi madera a Inkster ndi Buena Vista. Mwina nthawi zina palibe njira ina, ndipo si nzeru kusunga nyumba chifukwa cha dzina lokha. Koma kutseka kotere kukhala kolungama pokhapo ngati wina atsata mwana ali yense kufikira kumene wapita, nadziwa ngati walandiridwa ndi ngati akuphunzira. Kumwaza ana kumachotsa chiwerengero chochititsa manyazi m'mabuku a Boma, pakuti ana 75 olephera aja akasakanizika ndi zikwi za ena saonekanso. Koma kusaoneka si kuchira.

Mu 2015 sukulu ya sekondale ya ku Highland Park inatsekedwa chifukwa ana anachepa, ndipo anyamata ndi atsikana a m'kamzinda kamene kale kanali ndi koleji yache anauzidwa kukafuna malo ku Detroit ndi kwina. Ku Detroit komweko ana ena anasumiranso Boma mu 2016 pa nkhani yomweyo ya kuwerenga, ulendo uno pa bwalo la dziko lonse. Mu April 2020 oweruza awiri mwa atatu a bwalo la apilo anabvomera kuti mwana ali ndi ufulu wolandira maphunziro omfikitsa podziwa kuwerenga. Bwanamkubwa Gretchen Whitmer anagwirizana ndi odandaulawo m'mwezi wa May, nalonjeza kupempha aphungu madola 94.4 miliyoni a masukulu a Detroit, ndipo ndaramazo zinabvomerezedwa mu 2023. Koma oweruza onse a bwalolo atagwirizana zoumvanso mlanduwo, chigamulo cha April chija chinafafanizidwa, kotero kuti sichimanga bwalo lina liri lonse. Ndaramazo zinali za masukulu a Detroit. Highland Park ndi dera lina, ndipo pa kalembera wa 2020 anthu ache anali atatsika kufika pa 8,977.